Tsiku Limene a Piyo Anathawa Nyimbo

Mukadzakwera thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, ku Croydon mu London, Lamlungu m'mawa n'kuona mwamuna wowonda wa suti yakuda, atakumbatira chikwama pachifuwa ngati muli khanda lodwala, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka, musadzasinthe mpando. Si wamisala. Amenewo ndi a Piyo, akubwereza ulaliki. Mwina tsikulo wolalikira ndi wina, koma iwo amabwereza basi, poti munthu amatha kudwala panjira.

Dzina lawo lenileni ndi Pyo Dong-gyu, koma malilime a Amalawi anayesa kawiri, kachitatu n'kugonja. Ndi Mkoreya wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wophunzira za ubusa pa koleji ina kutsidya kwa mtsinje wa Thames. Amachita lendi kachipinda kam'mwamba ku Thornton Heath, m'nyumba ya a Shadrick ndi akazi awo mayi Maureen. A Shadrick amayendetsa basi, ndipo ndi mkulu wa mpingo wa Amalawi umene umapemphera mu holo ya sukulu ya pulayimale. Mayi Maureen ndi nesi, mtsogoleri wa amayi a mvano, munthu woti akayambitsa nyimbo ngakhale wogontha amatembenuka.

Anthu ena nkhawa imachita kuwapeza. A Piyo amainyamukira okha, kukaichingamira pa siteji. Akakhoma chitseko amabwerera kawiri kukagwedeza loko. Envelopu yabulauni ya boma ikagwa pakhomo amaizungulira ngati njoka, ngakhale ili ya a Shadrick. Mayi Maureen akawagawira mpunga ndi nkhuku amalandira ndi manja awiri, amawerama, kenaka amakwera kuchipinda kukadzifunsa ngati anawerama mokwanira. Mawu a Chichewa amene anayamba kuwadziwa ndi oti "pepani", ndipo amawathira ponseponse ngati mchere. Tsiku lina anapepesa furiji atayigunda ndi chigongono.

Kuti mumvetse bwino, tiyambire kwa amayi awo. A Piyo anabadwira ku Iksan, tauni ya pakati pa minda ya mpunga, komwe mayiwo amagulitsa kabichi wa tsabola pamsika mpaka lero. Ali ndi zaka ziwiri anadwala kwambiri, thupi kutentha ngati mbaula, ndipo amayi awo anagwada m'chipatala n'kulumbira kuti, "Mukamusiya ndi moyo, ndi wanu. Adzakhala m'busa." Mwana anachira. Ndiye kuti a Piyo ntchito anaipeza asanasiye thewera, ndipo palibe anawafunsa maganizo. Anzawo kusukulu akamati ine ndidzayendetsa ndege, ine ndidzakhala dokotala, iwo ankangokhala duu ngati mbuzi yomwe ili kale ndi mwini.

Anaphunzira ubusa kwawo komweko, kenaka anatumikira zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa m'busa wamkulu. Kumeneko wophunzira ubusa ndi bulu wa mpingo. M'bandakucha azungulire ndi minibasi kutola okalamba opita ku mapemphero a m'mawa, masana anyamule chikwama cha abusa, madzulo aphunzitse ana. Sakhala pansi abusa ali chiimire, sayamba kudya abusa asanagwire supuni, ndipo mawu oti "ayi" amawasiya pageti. Omaliza sukulu ya ubusa ndi ambiri, maguwa ndi ochepa, choncho wofuna kuoneka amakatenga pepala lina kunja. Mpingo wawo unawatumiza ku London, ndipo pageti la tchalitchi anapachika chinsalu chachikulu chokhala ndi nkhope yawo. Amayi awo anajambulitsa ataima pansi pake, atavala diresi la pa Khirisimasi.

Mpaka lero mayiwo amatumiza uthenga wa mawu pafoni tsiku ndi tsiku. Amayamba ndi pemphero, kenaka funso: "Azungu akumalira ukamalalikira?" A Piyo amayankha kuti zikuyenda bwino. Uthenga wa mawu awiri amenewo amaujambula kanayi, kuti mawu asamveke onjenjemera.

Ali ndi gulu la pafoni la anzawo khumi ndi mmodzi amene anaphunzira nawo ubusa. Otsala kwawo akuopa kuti sapeza mpingo. Wa ku America akuopa Chingerezi, wa ku Germany akuopa Chijeremani ndi chisanu. Koma mukaona zithunzi zimene amatumizirana, mano onse pamtunda, chala chachikulu m'mwamba. Tsiku lina mmodzi analemba kuti wayamba kumwa mapiritsi chifukwa mtima ukumagunda ngati ufuna kutuluka. Sipanathe mphindi, anafufuta. Onse anali atawerenga, koma palibe anayankha, mpaka wina anatumiza chithunzi cha nsomba yokazinga, onse n'kuyamikira nsombayo. A Piyo anayamikira nawo.

Lawo vuto linali pakhosi. Pa koleji yawo, munthu asanalowe chaka chomaliza ayenera kulalikira mphindi makumi awiri pamaso pa woyesa. Ulendo woyamba, m'katchalitchi ka pakoleji, anafika mphindi yachisanu, khosi n'kutsekeka ngati wina walimanga ndi chingwe cha nsapato. Mawu ankawaona papepala, pakamwa pankatseguka, koma chotuluka mpweya wokha. Ulendo wachiwiri anafika mphindi yachisanu ndi chinayi. Kenaka inabwera kalata, yaulemu ngati mmene azungu amalembera akafuna kukupha. Mwayi watsala umodzi. Akalalikire ku mpingo umene amatumikira, woyesa adzabwera konko. Akalephera, maphunziro atha. Maphunziro akatha, viza nayo yatha. Ndiye kuti ndege, Iksan, ndi geti lija la chinsalu.

Mungafunse kuti Mkoreya ankafunanji mu mpingo wa Amalawi, pomwe ku New Malden matchalitchi a Akoreya ali mbwee. Ku New Malden ukayetsemula Lachiwiri, Lachitatu amayi ako ku Iksan akukutumizira mankhwala a chimfine. A Piyo ankafuna malo oti akagwa, mbiri ya kugwako isakwere ndege. Anapeza mpingo woti palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene Iksan ili. Chimene anaiwala kufufuza n'chakuti kodi Amalawi amasunga chinsinsi.

Kalatayo anakhala nayo milungu itatu m'thumba la jekete. Loweruka lina masana anatsikira kukhitchini, komwe a Shadrick ankamwa tiyi ndi buledi asanapite ku shifiti, n'kuima pakhomo ngati mlonda.

"Abusa, khalani pansi. Mukundidyetsa mothamanga."

"Pepani, akulu a mpingo. Sindinadzozedwe. Si ine m'busa."

"Suti imeneyo inadzozedwa kale, mwatsala ndi inu. Khalani."

Ankalankhulana m'Chingerezi, cha a Shadrick cha pabasi, cha a Piyo cha m'mabuku, ziwirizo n'kumakumana pakati. A Piyo anakhala m'mphepete mwa mpando, anatulutsa kalata n'kuipereka ndi manja awiri. A Shadrick anapukuta majarini ku zala, anawerenga, anabwerezanso.

"Ndiye vuto lili pati? Guwa ndi lathu. Tengani Lamlungu lachiwiri la Meyi."

"Ndikalephera ndibwerera kwathu."

"Mphindi twente zokha? Achimwene, ine mphindi twente ndimakhala ndikupereka moni. Mutu akupatsani woti chiyani?"

A Piyo anayang'ana pansi. "Za kusada nkhawa."

A Shadrick anatsamwa ndi tiyi. Anatsokomola mpaka misozi, akumenya tebulo. "Azunguwa ndi afiti! Kutuma fisi kuti akaphunzitse za kusala nyama!" Koma ataona kuti mnzawoyo sakuseka nawo, anasiya.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero a Piyo. "Asadziwe munthu. Anthu aziona ngati Lamlungu wamba."

"Pakamwa panga ndi pamanda."

Ndipo zoonadi a Shadrick anasunga chinsinsi, mwa Chimalawi. Anauza munthu mmodzi yekha, akazi awo, poti mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi. Mayi Maureen nawo anauza amayi a mvano okha, kuti aike m'mapemphero. Pofika Lachitatu, nesi wina wa ku Edmonton anali atasinthitsa shifiti kuti adzakhalepo, ndipo mayi Etta a ku Chipata, amene amaimba besi kuposa amuna, anali atayamba kusala kudya. Amayiwo anapangana chimodzi: mwana wa eniake akadzakakamira, asadzamusiye yekha pa guwa.

A Piyo sankadziwa kanthu. Anangodabwa kuti anthu ayamba kuwagwira dzanja nthawi yaitali, akuwayang'ana ngati munthu wopita ku opaleshoni. Ulaliki anaulemba wonse, liwu ndi liwu, masamba asanu ndi atatu. Popumira anaika kadontho kofiira, pomezera malovu kobiriwira. Anauyeserera m'bafa, mu thiramu, ndi mu paki pamaso pa nkhunda, wotchi ili m'manja, mpaka unkatha pa mphindi makumi awiri ndendende. Sabata yomaliza chakudya chinakana kutsika. Lamba anaboola bowo lina.

Holo ija mpingo umaigwiritsa ntchito kuyambira leveni koloko mpaka wani. Wani ikangokwana amalowa a ku Ghana ndi ng'oma zawo, ndipo sadikira. Manesi ambiri nawo amathamangira shifiti ya thu koloko. Choncho nthawi pamenepo siseweretsedwa, ndipo miyezi iwiri m'mbuyomo a Piyo anaona ndi maso awo zimene zimamuchitikira woiwala wotchi. Kunabwera mlaliki wina wochokera ku Leeds, amene pofika teni tu wani anali akunena kuti "mfundo yanga yachiwiri". Mayi Maureen anadzuka, anayambitsa nyimbo, amayi onse anaimirira n'kumaomba m'manja, mpaka bamboyo anatseka buku n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu. Anthu anaseka nkhaniyo mwezi wathunthu. A Piyo sanaseke. Anangosunga mumtima kuti kuno wolalikira akatopetsa anthu, amamuimbira.

Tsikulo anthu anadzaza kuposa pa Isitala. Woyesa anali mayi Elizabeth, mzungu wa imvi wa nsapato zafulati. Anakhala kumbuyo pafupi ndi makwerero a ana ochitira masewera, pepala pa bondo, wotchi pa pepala.

"Mlendo wathuyu wangobwera kudzapemphera nafe basi," analengeza a Shadrick, akutsinzinira mpingo diso limodzi. A Piyo analiona disolo.

Faifi pasiti thwelofu anaima pa guwa, lomwe ndi tebulo la aphunzitsi lofunditsidwa nsalu yoyera. Anawerama, anayamba. Mizere yoyamba inayenda. Koma asanafike pa kadontho kofiira koyamba, mayi Etta anaponya "Ameni!" wa besi amene anagwedeza mawindo. A Piyo anadzidzimuka, chala n'kuchoka pamzere. Kwawo ameni ali ndi malo ake, amabwera wolalikira akamuitana. Kuno amayi anali atabwera kudzathandiza, ndipo ankathandiza chiganizo chilichonse. "Zoona!" "Lalikani, abusa!" "Auzeni!" Iwo ankati akukankha galimoto kuti ilire, pomwe mwini galimoto ankaona ngati akuigubuduzira kuphompho. Madontho anasokonekera. Anameza popumira, anapuma pomezera.

Pamwamba pa tsamba lachitatu chingwe chija chinafika. Anachimva chikuyambira pansi pa kholingo, chikukoka pang'onopang'ono. Anatsegula pakamwa. Mpweya. Anayesanso. Kumbuyo mayi Elizabeth anayang'ana wotchi n'kulemba kanthu. Holo yonse inati zii, moti ankamva mapaipi otenthetsa m'nyumba akulira m'khoma. M'maso mwawo munabwera geti la ku Iksan, amuna awiri ali pa makwerero akutsitsa chinsalu, amayi awo ataima poteropo ndi beseni la kabichi.

Pamenepo mayi Maureen anayambitsa nyimbo.

Anaiyamba motsitsa, ali chikhalire, maso ali otseka. Mayi Etta anailandira pansi, amayi ena n'kulowa, kenaka mpingo wonse. A Piyo anasiya kuyesa. Basi, awaimbira. Wa ku Leeds uja anamupirira pafupifupi ola lathunthu, iwo mphindi zisanu ndi ziwiri zokha. Anasonkhanitsa mapepala, anawerama mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda tebulo, ananena "pepani" amene palibe anamumva, n'kutulukira khomo la m'mbali.

M'khonde la sukuluyo muli timabenchi ta ana ndi tizitsulo tokolekapo majekete, kalikonse ndi dzina la mwana. Anakhala pa kabenchi, maondo kufika pachibwano. Nyimbo inkamveka kuseri kwa khoma. Inatha, inayambiranso. Iwo anayamba kundandalika zoti achite asananyamuke: kubweza mabuku ku laibulale, kuchapa makatani a m'chipinda, kupeza mawu oyamba ouza amayi awo. Mawu amenewo ndiwo sankapezeka, m'Chikoreya ngakhale m'Chingerezi.

Chitseko chinatseguka. Anali a Shadrick, tayi itapita kumbali.

"Abusa! Mwatani? M'mimba?"

"Pepani, akulu a mpingo. Ndachititsa manyazi mpingo wanu. Chigamulo ndachimva."

"Chigamulo chanji?"

"Nyimbo."

A Shadrick anakanda mutu, kenaka anasuzumira mu holo. "Amake Zikomo! Tabwerani kuno, mwaononga zinthu."

Mayi Maureen anatuluka duku litapendekeka, akupumira m'mwamba. "Ndaononga ine? Ndime zonse zatha, tabwereza kawiri, ndikutsegula maso pa guwa palibe munthu! Etta mawu amuthera. Inu abusa aang'ono, mukutani pa mpando wa ana?"

"Mwandiimbira, mayi. Ngati abusa a ku Leeds aja."

Mayi Maureen anagwira m'chiuno. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana kudenga.

"Mayo ine! Bambo a Zikomo, munthuyu mwakhala naye chaka chonse osamuphunzitsa kanthu? Tamverani kuno, mwana wanga. Wa ku Leeds tinamuimbira titaimirira, tikuomba m'manja, nyimbo yothamanga. Imeneyo ndiye yoti khala pansi. Inu takuimbirani titakhala, yapansipansi. Imeneyo ndi yoti puma, imwa madzi, tikukudikira. Kwathu mlaliki akagwidwa ndi misozi pamaliro, kapena mawu akamuthawa, sitimusiya ali maliseche pagulu. Timamufunditsa nyimbo mpaka apeze mpweya."

A Piyo anadzutsa mutu. "Simunandithamangitse?"

"Ndisinthitse anthu mashifiti kuti ndidzakuthamangitseni? Ena achokera ku Edmonton, mabasi awiri ndi sitima!"

"Ndiye kuti onse akudziwa."

A Piyo anatembenukira a Shadrick. A Shadrick anayamba kukonza tayi. "Ine ndinauza munthu mmodzi."

Mungaganize kuti nkhani yoti sanathamangitsidwe inawapepuza. Ayi ndithu. Mphindi yapitayo zonse zinali zitatha, ndipo chinthu chikatha munthu amapumako. Tsopano guwa linali likadali pomwepo, anthu makumi asanu ndi awiri akudziwa zonse, ndipo khosi linali lomwe lija.

"Sindingathe, mayi. Litsekekanso."

"Likatsekeka tiimbanso. Nyimbo sizinathe m'buku."

Kumapeto kwa khonde chitseko chakunja chinatseguka. Amuna awiri a ku Ghana analowa atanyamula ng'oma yaitali, anaiika pansi n'kuyang'ana mawotchi awo. Nthawi inali hafu pasiti thwelofu. Kenaka mayi Elizabeth anatuluka mu holo, pepala lili m'manja. A Piyo anadzambatuka n'kuwerama.

"Bambo Pyo," anatero mayiwo, ndipo m'nyumba monsemo ndi okhawo amene ankatchula dzinalo molondola. "Mwalalikira mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndiuzeni chimodzi. Mwamaliza, kapena izi ndi mbali ya mapemphero a mpingo uno?"

A Piyo asanatsegule pakamwa kuti apepese, mayi Maureen anawaponda phazi.

"Ndi mwambo wathu, madamu. Ulaliki wathu umakhala ndi nyimbo pakati."

"Ndi kutuluka panja komwe?"

"Kumeneko ndi kwa ku Korea," anatero a Shadrick, nkhope ili gwa.

Mayi Elizabeth anawayang'ana awiriwo pamwamba pa magalasi. "Ndafunsa bambo Pyo."

Apa ndiye panali potentha. A Piyo analeredwa kuti wamkulu akakufunsa pa cholakwa, uweramitse mutu, uvomere, usaonjezerepo kanthu. Mawu oti "ndamaliza, pepani" anali kale pa lilime, ndipo akanawatula akanapita kukapuma. Chingwe nacho chinali chitayamba kukoka. Anameza.

"Ndinathawa," anatero. "Ndimaganiza kuti andichotsa. Koma sindinamalize."

"Wotchi ndinaiimitsa nyimbo itayamba. Mwatsala ndi mphindi khumi ndi zitatu. Kutulukaku ndilemba, sindingabise. Zotsalazo zili kwa inu." Anabwerera mu holo.

"Zolengeza lero kulibe," anatero a Shadrick ndi mawu a munthu woferedwa, pakuti zolengeza ndiye mtima wawo. Amatha kulengeza za pikiniki ya Ogasiti mu Febuluwale, n'kutchula ndi obweretsa mafoloko omwe.

A Piyo anatembenukira mayi Maureen. Chibadwire anali asanauzepo munthu wamkulu chochita, moti mawuwo anatuluka akutsimphina. "Mayi, pepani. Ma ameni achepeko. Ndipo mukaimba, ndime imodzi yokha."

"Mwamva, bambo a Zikomo? Wayamba kulamula. Adzakhaladi m'busa ameneyu." Anatsogola kulowa, ndipo anamveka akunong'ona, kunong'ona kwa nesi kumene kumamveka wodi yonse: "Etta, ameni mmodzi pa tsamba. Mmodzi!"

Kuchoka pakhomo kufika patebulo ndi mapazi khumi okha, koma a Piyo anauyenda mtundawo ngati akuoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Palibe anaomba m'manja, mayi Maureen anali atawayang'ana onse ndi diso lija. Anayala mapepala. Tsamba lachitatu linali litanyowa ndi thukuta la m'manja, madontho atasungunuka. Anayambira pomwe anasiyira. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mbuzi, koma anatuluka.

Tisanamizane, sunali ulaliki woti munthu n'kugwa pansi. Ankawerenga, maso pa pepala. Pa tsamba lachisanu khosi linatsekekanso. Nyimbo inabwera yapansipansi, ndipo a Piyo anayang'anitsitsa miyendo ya amayi mmodzimmodzi kuti atsimikize ngati palibe woimirira. Anamwa madzi, theka m'kamwa theka pa tayi. Ndime itatha kunati zii. Kenaka kamawu kaja kanamvekanso, kakupitiriza. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri khosi linakakamiranso, koma linamasuka lokha mayi Maureen akungokoka mpweya woti ayambe. Anamaliza a ku Ghana atayamba kale kuyesa ng'oma m'khonde, ndipo mayi Etta anatulutsa nthawi imodzi ma ameni onse amene anawaunjika m'mimba.

Mayi Elizabeth anangoti zotsatira zibwera pa imelo. Anakana mandasi mwaulemu n'kuthamangira sitima, nkhope yawo osaonetsa mvula kapena dzuwa. Anthu anapinda mipando mothamanga. Aliyense wodutsa ankati, "Mwalalikira, abusa," ndipo a Piyo ankamufufuza m'maso kuti aone ngati akunena zoona kapena ndi chisoni chabe.

Imelo inafika Lachinayi. Sanaitsegule. Foni anayenda nayo Lachinayi lonse ndi Lachisanu lonse ngati bomba, akafika patebulo n'kuigoneka chafufumimba. Ankati ikakhala yotseka, akadali wophunzira. Loweruka m'mawa mayi Maureen, atatopa ndi mapazi ozungulira m'chipinda cham'mwamba, anawaitanira kukhitchini n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Ine ndimauza anthu zotsatira za magazi, iyi ndi nkhani yaing'ono."

Anavala magalasi, anawerenga chamumtima, milomo ikuyenda. A Piyo anagwira m'mphepete mwa sinki.

"Akuti kutuluka kuja sikunawasangalatse. Akuti mumayang'ana pepala kwambiri, anthu osawayang'ana. Akutinso mukaonane ndi mlangizi wa pakoleji za khosi lanulo, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo, ndikuperekezani ndekha."

"Mayi..."

"Dikirani, ndiwerenge bwino, zilembo zake n'zazing'ono. Akuti mwakhoza. Mwadutsa mokhula khoma ngati basi ya bambo a Zikomo pa kona ya ku West Croydon, koma mwadutsa. Chaka chomaliza muyamba mu Seputembala."

"Dzina ndi langa? Mwina atumiza ya munthu wina."

"Pali Piyo wina amene anathawa nyimbo?"

A Piyo anatenga foni, anawerenga okha katatu, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenaka anakhala pansi penipeni, pa matailosi ozizira, msana utatsamira kabati ya mapoto.

A Shadrick analowa atavala yunifomu ya basi. Atamva nkhaniyo anawagwira dzanja n'kuligwedeza mpaka phewa kulira. Kenaka anachotsa pakhoma pepala la ndandanda ya olalikira, n'kusolola cholembera m'thumba la shati.

"Ndiye poti mwakhoza, Lamlungu lachitatu la Juni ndi lanu. Ine ndili ndi ukwati ku Luton."

A Piyo anadzuka pang'onopang'ono. Anapita pa kalendala n'kuyamba kuyendetsa chala pa masiku.

"Twente naini," anatero ndi mawu otsika. "Masiku twente naini okha."

"Imwani kaye phala," anatero mayi Maureen.

"Ndimwa ndikalemba tsamba loyamba, mayi."

Anakwera masitepe. Phala linazizirira patebulo, ndipo m'mwamba mapazi anayambanso kuzungulira.